Kamendulo Kanagwera pa Ayezi

Pasay, Manila
26 Novembala

Okondedwa Manay Auring,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu achemwali anga, pamodzi ndi alamu anga a Manoy Berting ndi onse a pakhomo. Kodi msana uja ukukulolani kugona? Mankhwala aja mukumwabe, kapena mwawasiyira pakati monga mumachitira mukangopezako bwino? Ife kuno tili bwino, ine ndi mwana wanu Marife. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita.

Chipitireni namondwe uja foni yanu sikulowa. Ndayesa m'mawa, ndayesa masana, ndayesa pa foni ya mnzanga poganiza kuti mwina vuto ndi yanga. Pa wailesi akuti nsanja ya mafoni kwathu ku Viga inagwa ndipo magetsi sabwera msanga. A Pining, omwe akubweretserani kalatayi, anamva kwa mlamu wawo kuti denga la khitchini yanu linauluka ndipo abaka yense, mbewu yanu ya ulusi wa zingwe ija, wagona pansi m'munda, koma anthu nonse muli moyo. Ndathokoza Mulungu. M'katoni muli mpunga, shuga, makandulo, mabatire a tochi ndi sopo. Wabuluuyo ndi wochapira, musasambe.

Tsopano nkhani ya mpikisano. Ndikudziwa kuti maso anu akufuna kuthamangira kumapeto, koma chonde werengani mwandondomeko. Mukangomva nambala yokha osamva mmene inabwerera, mumva molakwika. Ndiponso muwerenge nokha kaye musanawawerengere a Manoy.

Mukukumbukira zomwe a Manoy ananena pa Khirisimasi tili pa chakudya. Ati zaka khumi zotsetsereka pa ayezi zakwana, mtsikana wa zaka 21 si wosewera, ndipo chaka chino akapanda kulowa timu ya dziko apite ku Taiwan kukagwira ntchito ya m'fakitale monga anachitira mnzake Jonalyn. Timuyo imatenga atsikana awiri okha, woyamba ndi wachiwiri pa mpikisano wa dziko lonse. Marife anavomera pamaso pa tonse, pasipoti n'kupangitsa. Mpikisano umenewo ndi womwe unachitika Lachisanu ndi Loweruka lapitali.

Simungakhulupirire mmene anthu a kuntchito kwathu amukondera mwanayu. Paja bwalo la ayezi lili pansi, pakati pa chinyumba cha masitolo chomwe ndimakolopamo, ndipo ife osagula tikiti timaonera pamwamba, pa mpanda wachitsulo wa pafupi ndi malo odyera. Poyamba tinali atatu: ine, Mang Ponso mlonda, ndi Aling Tasing wogulitsa nthochi zokazinga. Masiku ano okolopa anzanga, operekera zakudya, atsikana a m'masitolo a nsapato, tonse tikaima timadzaza mpanda wonse mpaka ku chikepe. Anthu anatitcha Apampanda. Marife amagwira ntchito pabwalo pomwepo, kumanga ana a anthu zingwe za nsapato ndi kuwagwira dzanja kuti asagwe, ndiye aliyense amamuyesa wake. Tinasoka chinsalu cha dzina lake kuchokera ku nsalu ya pabedi ya Aling Tasing. Zilembo ndinadula ndine, ndi lula, kuti zifanane.

Mang Ponso ndiye katswiri wathu wa malikisi, kapena ndinene kuti amadziyesa katswiri. Anatiphunzitsa kuti malikisi ali pawiri, ena a zodumpha ndi zozungulira, ena a kukoma kwa kavinidwe, ndipo munthu akagwa amamuchotsera pointi yathunthu. Malikisi asanatuluke amalosera ake mokweza. Akaphonya, ati oweruza ndiwo aphonya. Aling Tasing amati bambo ameneyu chibadwire sanapondepo pa ayezi, ayezi yemwe amamudziwa ndi wa m'kapu ya mowa basi. Iye amayankha kuti ngakhale wansembe sanafikeko kumwamba koma amalalikira za konko.

Ine vuto langa mumalidziwa, ndi mtima. Zaka zonsezi diresi ndimasita ndine, zingwe za nsapato zake ndimayendera ndine, koma Marife akamathamangira kukadumpha ndimatsinzina. Ndimaonera ndi makutu. Mpeni wa kunsi kwa nsapato ukatera bwino umalira kamodzi, mosalala, anthu n'kuwomba m'manja. Akagwa kumamveka ngati thumba la mpunga lagwa pa ngolo, anthu n'kubuula. Ndikamva m'manja ndiye ndimatsegula maso n'kuwomba nawo. Ndinkayesa kuti palibe akudziwa.

Kamendulo ka Amayi Maria komwe munakatenga ku Naga pa chikondwerero cha Seputembala kanafika bwino, pamodzi ndi uthenga wanu woti mwana akavale pamtima tsiku la mpikisano. Lachisanu m'mawa ndinakabaya m'kati mwa diresi ndi phini wa matewera, monga timachitira pa malaya a khanda. Ndinakakoka, ndinakagwedeza, kali nga. Marife anandichenjeza kuti aphunzitsi ake akaona atipha tonse awiri, chifukwa lamulo limati chilichonse chikagwa kuchokera pa chovala amachotsa pointi. Ndinamuuza kuti phini ameneyu ndi wa ku Japan, satseguka. Anaseka n'kunena kuti za inu Nanay wake sangakane. Aphunzitsiwo, a Salcedo, sitinawauze.

Mpikisano umakhala wa magule awiri, wamfupi Lachisanu, wautali Loweruka, malikisi n'kuphatikiza. Lachisanu lija ndinatenga nthawi yanga yopuma kuti igwere pa gule wake. Manay, mwana wanu anavina. Atangolowa ndi diresi lobiriwira lija, Apampanda tinakuwa mpaka anthu odya anasiya masipuni n'kubwera kudzasuzumira. Zodumpha zonse makutu anga anamva m'manja okhaokha. Ndinatsegula maso ali pa kuzungulira komaliza, kuja amazungulira ngati nguli atapindira msana kumbuyo n'kugwira phazi pamwamba pa mutu. Diresi likakokeka chotero limatanuka pachifuwa, ndipo zimenezi ine sindinaziganizire pobaya phini. Ndinangoona kanthu kang'anima kuchoka pa iye. Kanagwa, kanatsetsereka bwalo lonse pang'onopang'ono, kosafulumira n'komwe, mpaka kukaima pansi penipeni pa tebulo la oweruza.

Bwalo lonse linaona. Marife anamaliza gule wake bwinobwino akumwetulira, koma ine ndinadziwa kumwetulira kumeneko. Mtsikana wotola zidole zomwe oonerera amaponya pa ayezi anakatola kamendulo kaja n'kukapereka kwa mkulu wa oweruza, mayi wa magalasi, yemwe anakatembenuza uku ndi uku kenaka n'kulemba.

Malikisi atatuluka pa kanema wamkulu, pamalo pa zochotsera panali 1 wofiira. Marife anakhala wachitatu. Ndinakhala pa ndowa yanga. Mang Ponso anati Amayi Maria atsetsereka bwino kuposa ana onse a lero, osagwa, osapunthwa, mpaka pamaso pa oweruza, koma taonani anthu opanda chisoni, malikisi sanawapatse. Aling Tasing anamumenya ndi chopanira nthochi pamkono, ati pakamwa pako pakupititsa ku moto. Ena anaseka. Ine sindinathe.

A Salcedo sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anandiika kamendulo m'dzanja, n'kundifunsa motsitsa ngati ndikudziwa kuti mwana akanakaponda ndi mpeni ali pa liwiro, tikanakhala tikulankhula za chipatala osati za pointi. Ndinapepesa. Anati mawa diresi alifufuza okha ndi manja awo, ndipo sakufuna kupezamo ngakhale kaulusi kachilendo.

Loweruka m'mawa Marife anakana kudya. Ndinamukazingira mpunga wa adyo ndi dzira monga amakondera, anangoukankha. Gule wautaliyo ali ndi kudumpha kuja kozungulira katatu m'malere, komwe anagwa nako mu Julayi n'kugwanso mu Seputembala. Ati tsopano walakwira amayi ake, walakwiranso Amayi Maria powagwetsa pansi anthu akuona, ndiye lero akadumpha yekhayekha. Ndinamuuza kuti wolakwa ndine, koma mawu sankalowa.

Titafika kuntchito tinakumana ndi anzathu kuseri kwa malo a Aling Tasing, masitolo asanatsegulidwe. Aliyense anali ndi nzeru yake. Aling Tasing ati tikasokere m'kati ndi ulusi wa mbedza. Ndinati a Salcedo akapeza ndi zala. Ati m'tsitsi. Ndinati akazungulira kauluka. Ati m'nsapato. Marife anati nsapato zija ngakhale kamchenga amakamva.

"Angomeza," anatero Mang Ponso. "Agogo anga anameza kawo nthawi ya nkhondo, chipolopolo sichinawakhudze."

"Nanga anafa ndi chiyani?" anafunsa Aling Tasing.

"M'mimba."

Apo Marife anaseka koyamba tsiku limenelo. Atatha kuseka anandiyang'ana n'kunena kuti iye waganiza. Ati kamendulo ndikagwire ine, koma osati pamwamba pa mpanda, chifukwa kumeneko saonako. Ndikaime pansi, pa ngodya ya khoma la galasi pomwe amadumphira, kuti akamabwera andione nako.

"Koma mutsegule maso, Tiya," anatero, poti ndi mmene amanditchulira. "Ndimadziwa kuti mumatsinzina."

Ndinafuna kukana. Ati wakhala akudziwa kuyambira ali mwana, chifukwa nthawi zonse ndimawomba m'manja mochedwa kuposa anthu onse. Aling Tasing anati nawonso amadziwa, Mang Ponso nayenso, ngakhale wa chikepe amadziwa. Manay, manyazi amene ndinachita. Marife anati safuna kubwera pa liwiro n'kupeza nkhope yotsinzina ngati ya munthu wodikira ngozi, bola ndisaimepo n'komwe. Ndinalonjeza.

Pansi paja salola munthu wopanda tikiti, ndipo matikiti anali atatha kalekale. Komanso nthawi imeneyo ndinayenera kukhala ku zimbudzi za pamwamba. Mnzanga wina anavomera kundigwirira, Aling Tasing n'kukatseka pakamwa pa kapitawo wathu ndi nthochi zotentha. Mwayi wake, tsiku limenelo mabwana anamuika Mang Ponso pa chipata cha bwalo. Anandiuza kuti ndingobwera ndi ndowa ndi chikolopa, ati munthu wa chikolopa palibe amamufunsa, angalowe ngakhale m'chipinda cha bishopu. Ndinafika nditavala yunifolomu yanga, iye n'kukuwa kuti anthu onse amve kuti mayi inu mwachedwa, madzi ali pa ngodya apo anthu aterereka. Panalibe dontho ngakhale limodzi. Ndinakolopa malo ouma amenewo atsikana asanu akuvina, mpaka simenti inawala.

Marife anali wachitatu kuchokera kumapeto, chifukwa otsogola amavina pomaliza. Atatchula dzina lake, ndinamva Apampanda pamwamba pa mutu wanga ngati mvula pa malata. Kuchokera pansi chinsalu chathu chimaoneka bwino kwambiri, kungoti anachimangirira chopendekeka. Ndinatsamiritsa chikolopa, ndinatulutsa kamendulo, n'kukakanikiza pa galasi ndi dzanja langa.

Nyimbo yake ndi ya gitala, imayamba mofatsa. Anazungulira bwalo, anapita kutali ku mbali inayo, kenaka anatembenuka n'kuyamba kubwera chambuyo, liwiro likukulirakulira, molunjika pomwe ndinaima. Sindinadziwe kuti amathamanga chotero. Pamwamba paja amaoneka ngati akuyandama, koma pafupi mipeni imalira ngati munthu akung'amba nsalu. Zikope zanga zinayamba kutsika zokha. Ndinadziluma lilime. Anacheuka paphewa, maso ake anapeza dzanja langa, kenaka anapeza maso anga, ndipo anali otsegula.

Manay, ndinaona. Anabaya ayezi ndi nsonga ya nsapato n'kunyamuka, m'mwamba ndithu, kupitirira khoma lomwe ndinaimapo, manja atawafumbata pachifuwa. Nkhope yake inadutsa pamaso panga ataluma mlomo wa m'munsi monga mumachitira inu mukamasenza mtolo wa abaka. Anatera pa mwendo umodzi, winawo utatambasuka kumbuyo, tizidutswa ta ayezi n'kuwaza pa galasi patsogolo pa mphuno yanga. Sanagwedezeke. Zaka khumi ndakhala ndikusita madiresi a chinthu chomwe sindinachionepo. Akuti ndinakuwa, ine sindikukumbuka. Mang Ponso akuti ndinagwetsa ndowa, ndipo pamenepo ndiye panapezeka madzi oti ndikolope.

Zotsalazo ndinaona zonse, sindinaphethire. Anadumphanso kachiwiri komweko kozungulira katatu n'kulumikiza kena pompo, anatera. Chakumapeto miyendo inatopa, pa kudumpha kwina anapendama pang'ono koma dzanja silinakhudze pansi. Nyimbo itafika pothamanga anthu onse anayamba kuwomba m'manja motsatira gitala, ngakhale a matikiti odula omwe anabwerera ana awo. Pozungulira komaliza ndinayang'anitsitsa diresi. Palibe chinagwa.

Atamaliza, zidole zinayamba kugwa kuchokera pamwamba. Paja mwambo wake ndi umenewo, wovina akakusangalatsa umamuponyera chidole pa ayezi, chokulunga m'pulasitiki kuti ubweya usatsalire. Apampanda anali atasonkha zidole sabata yonse, ndipo zonse ndinakulunga ndine Lachinayi. Panali zimbalangondo, agalu, ndi chinjati chachikulu chomwe atsikana a m'sitolo ya nsapato anagula. Aling Tasing zidole zitamuthera anaponya phukusi la nthochi. Linatera bwino, ndipo Marife analitola yekha n'kulikweza m'mwamba, bwalo lonse kuseka.

Kenaka anakakhala pa kabenchi kodikirira malikisi ndi a Salcedo. Kudikira kumeneko ndi kowawa kuposa kudumpha. Oweruza amabwereza kanema kuona ngati munthu anazungulira mokwana asanatere. Mang Ponso anali atasiya chipata n'kudzaima pambali panga, akunong'ona nambala zake. Zitatuluka, kwa nthawi yoyamba chiyambire analosera zochepa. Marife sanapezepo malikisi otere pa moyo wake. Pamodzi ndi a Lachisanu anakwana 120.78, dzina lake n'kukwera pamwamba pa onse. A Salcedo, omwe sindinawaonepo akuseka, anamukumbatira mpaka magalasi awo kugwa.

Panatsala awiri aja anamutsogolera Lachisanu. Mmodzi amaphunzira ku Canada ndipo tonse tinkadziwa kuti palibe angamufike, za iye sitinkaziwerengera. Nkhani inali pa winayo, Ysabel, mwana wa dokotala, mtsikana waulemu yemwe amandipatsa moni nthawi zonse. Anayamba bwino. Chapakati anagwa. Pamwamba wina anayamba kukuwa mokondwa, ndinamva mawu a Aling Tasing akumuletsa kuti khala chete iwe, ameneyonso ali ndi amake. Ysabel anadzuka n'kumaliza mwamphamvu, zotsala zonse anatera.

Malikisi ake anachedwa kwambiri. Atatuluka anali 121.40.

Ine masamu a sukulu ndinalekera panjira, koma awa ndinawatha msanga kuposa Mang Ponso. Kusiyana kwawo sikunakwane pointi imodzi. Wa ku Canada anavina pomaliza n'kutenga malo oyamba monga tinkayembekezera, Ysabel wachiwiri, Marife wachitatu. Ukabwezera pointi ija ya Lachisanu, Marife ndi wachiwiri. Mang Ponso anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo, anandiyang'ana, n'kubwerera ku chipata chake.

Musaganize kuti kunali maliro. Pa gule wa Loweruka yekha mwana wanu anaposa Ysabel, ndipo powaveka mamendulo, phokoso la wachitatu linaposa la woyamba ndi wachiwiri kuphatikiza. Anthu osawadziwa ankamupempha kujambulitsa naye. Mkulu wa oweruza uja anamugwira dzanja n'kumuuza kuti chaka chino wakula. Marife atatuluka anandithamangira nsapato za mipeni zili kuphazi, n'kundifunsa ngati ndinaona. Ndinati ndinaona. Ati maso onse awiri? Ndinati onse awiri, ndipo lilime langa ndi mboni. Za phini sanatchule, mpaka lero sanatchule.

Madzulo Apampanda anatikonzera chakudya kuseri kwa malo a Aling Tasing. Wina anabweretsa masamba a koko ophika mu mkaka wa kokonati, a tsabola wambiri ngati a kwathu, ndipo Marife anadya mbale ziwiri. Mang Ponso anaimirira kuonetsa anthu mmene kudumpha kuja kunayendera, n'kugunda mpando. Aling Tasing anamupatsa malikisi, ati za kudumpha ziro, za kukoma kwa kavinidwe achotserepo ziwiri chifukwa cha mimba. A Salcedo anafika nawo pang'ono. Anati wachitatu amakhala wodikirira, mmodzi mwa awiriwo akavulala ndiye amapita ku mpikisano wa mayiko ku Bangkok m'malo mwake. Ine ndinati sindingapempherere mwana wa munthu kuti athyoke. Aling Tasing anati iye sangapemphere kuthyoka, koma kachimfine kokha Mulungu angamvetse. Chachikulu chomwe a Salcedo ananena n'chakuti mmene wadumphira Loweruka, chaka chamawa malo achiwiri ndi ake ngati apitiriza, ndipo iwo amuphunzitsabe monga kale.

Tili mu jipu ya matola pobwerera kunyumba, chinjati chija chili pamiyendo pake, Marife anachikumbatira. Kenaka anati Tatay, bambo ake, ananena awiri, iye ndi wachitatu, ndiye palibe chokambirana. Anatinso wamva za denga ndi za abaka, ndipo sangamavine anthu kwawo akuphikira pa mvula. Ananena mosalira, akuyang'ana panja. Ine ndi amene ndinalira, mpaka mayi wina anandipatsa kansalu.

Tsopano pempho langa, Manay, ndipo ndi limodzi lokha. Muwapemphe a Manoy amupatse mwanayu chaka china.

Ndikudziwa kuti a Manoy sabweza mawu, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Ananena awiri, kanema anaonetsa wachitatu. Koma pointi yomwe yasowayo sanaitaye Marife. Munaitumiza ndinu kuchokera ku Naga, ndinaibaya ndine ndi phini. Sindikukudzudzulani, munachita zomwe mayi aliyense wa kwathu akanachita, ndipo lamulo simunkalidziwa. Ine ndinkalidziwa. Zomwe bambo ake anamuuza kuti achite, mwana anachita ndi miyendo yake anthu onse akuona. Ngati pali wopita ku Taiwan chifukwa cha pointi imeneyi, ndi ine ndi inu, ndipo fakitale singatilandire.

Muwauze atadya, osati akuchokera kumunda. Muyambe ndi za kudumpha, za phini zibwere pambuyo. Akafunsa za denga, muwauze kuti malata ndigula ine ndi ndalama za Khirisimasi za kuntchito, ndipo Marife apitiriza kutumiza za pabwalo monga amachitira. Sizingafanane ndi za ku Taiwan, sindikunamizani. Akakwiya, akwiyire ine, ndazolowera kuyambira tsiku la ukwati wanu lomwe ndinapsereza mpunga. Koma yankho lichoke pakamwa pawo, chifukwa Marife sangamvere ine kapena inu pa nkhani imeneyi. Akufuna amve kwa Tatay wake.

Nthawi ndi yochepa. A ku ofesi yotumiza anthu ku Taiwan akuimba foni, akufuna akasaine Khirisimasi isanafike. A Pining abwerera kuno pakatha sabata ziwiri, mungawapatsire kalata. Mafoni akayamba kugwira msanga, a Manoy aimbe okha, nthawi iliyonse, foni ndimagona nayo pamutu.

Mundiperekere moni kwa a Manoy Berting, kwa Tiya Meding ndi chifuwa chawo, kwa mlongo wathu Nonoy ndi akazi ake, ndi kwa ana onse. Muwauze a Nonoy asakwere padenga okha. Marife akupereka moni kwa Nanay ndi Tatay wake, ndipo chinjati chija akuti ndi cha mwana wa Nonoy, chibwera ndi katundu wa Khirisimasi chifukwa m'katoni sichinakwane. Aling Tasing ndi Mang Ponso akuti moni kwa amake a katswiri.

Paja mwana wanu sapita ku ofesi iliyonse yekha, anthu a m'maofesi amawaopa kuposa ayezi. Wandipempha kawiri kuti ndimuperekeze akasaine. Ndamuuza kuti mwendo ukundipweteka, sindingakwere jipu. Mwendo wanga uli bwinobwino, Manay, koma upwetekabe mpaka nditamva kuchokera kwa inu.

Amayi Maria akusungeni nonse pansi pa denga lotsalalo.

Ndine mng'ono wanu,
Choleng